Nsanja ya Mizati ya Papaya

Chaka chimenecho njala inafika mvula isanagwe, ndipo inayamba ndi ang'onoang'ono. Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali kaja, ankagona m'mimba mukulira ngati chule. Bambo ake, nkhalamba yotsimphina, ankagulitsa mchere pamphasa kumsika wa m'mbali mwa mtsinje, koma mchere sukhutitsa.

Pamsikapo olemera anali awiri. Njati anali ndi golosale, Nguluwe anali ndi okala ya makaka ndi chimanga. Onsewo ankaopa madzi osefukira, koma ntchito yokonzekera ankaiona ngati ya amphawi.

Sakhwi anapita kwa Njati.

"Bwana, mwaona nyerere? Zikusamutsira mazira kumtunda. Shuga wanuyu atsekemeretsa mtsinje wonse chaka chino."

"Ndiye ukuti nditani, kamphuno iwe?"

"Matumba a mchenga kuzungulira golosale. Ine ndinaphunzira kuchigwa. Mungondipatsa mtedza."

Mchenga ndi wolemera, Sakhwi ndi wochepa. Anapita kuseri kwa chigayo, nadzaza matumba ndi mankhusu a mpunga, mchenga n'kuwaza pakamwa pokha. Njati anasuzumira thumba limodzi, nagwedeza mutu.

"Kanthu aka kali ndi nzeru!"

Sakhwi anadya mtedza mpaka mimba kuti ndi! Utatha, anapita kwa Nguluwe.

"Achimwene, anzanu a Njati atchinga kale. Inu makakawa mudzawatola kunyanja?"

"Nanenso matumba!"

"Matumba ndi a anthu wamba. Inu muyenera nsanja, yaitali, katundu yense pamwamba."

Mtengo wolimba sugwa ndi timano ta sakhwi. Iye anagwetsa mitengo ya papaya, ija ya mphako m'kati, naimata dothi lakuda kuti ioneke ngati tsanya. Nsanja inaima, yokongola zedi. Nguluwe anamupatsa dengu la chimanga, ndipo Sakhwi anaseka njira yonse yopita kwawo.

Kuseka kunatha m'mawa mwake. Atafika pamsika anapeza bambo ake akukwezera mchere wawo pansanja paja, mphasa ili kale pamwamba.

"Ndawapempha a Nguluwe kangodya," inatero nkhalamba, nkhope ili ngwee. "Ndikuuza aliyense wodutsa kuti wamanga ndi mwana wanga."

Kumapiri kunali kutada bii, mabingu akugunda. Sakhwi anayandikira bambo ake.

"Bambo, azakhali akudwala kumtunda. Akuti mupite lero lomwe."

Nkhalamba inaseka. "Iwe, ndinakubereka ndine. Ukamanama mphuno yako imavina. Taona mmene ikuchitira!"

"Ndiye tiyeni tikagulitsire pachulu paja. Pali makasitomala ambiri."

"Yayambanso kuvina."

Nguluwe anasendera pafupi, mano ake aja akuwala. "Kodi mwanayu akukuchotsani pansanja panga chifukwa chiyani, madala? Ilipo nkhani?"

Nkhalamba inatembenukira kwa mwana wake. "Tawauza bwinobwino. Nsanjayi ndi yolimba?"

Mawu anali pakamwa. Anali ochepa: tsikani, ndi papaya. Sakhwi anayang'ana mano a Nguluwe, nayang'ana Njati amene anaima pakhomo la golosale akumvetsera. Kenaka anakweza dzanja, nagwira mphuno yake kuti isagwedezeke.

"Ndi yolimba."

Bambo ake anayang'ana dzanja lija nthawi yaitali. Anayang'ananso mano a Nguluwe, kenaka anakhala pansi pamphasa yawo, nayamba kuunjika mchere timilutimilu.

"Mwamva, a Nguluwe," anatero motsitsa. "Ndi yolimba. Iwe mwana, pita kumtunda ukawaone azakhali akowo."

Sakhwi anapita. Mumtima ankati abwerera madzulo Nguluwe akachoka, adzawanyengerera atsike.

Madzi sanadikire madzulo. Anabwera dzuwa lili pamutu, ofiira, atasenza mitengo ndi madenga. Sakhwi ali pachulu anaona zonse. Matumba a Njati ananyamuka n'kumayandama ngati abakha. Mizati ya papaya inafewa, nsanja inagwada, kenaka phwaa!

Nkhalamba inagwira lichero lake la mchere, ikuzungulira m'madzi. Njati madziwo ankamulekeza m'chifuwa. Akanangotambasula nyanga. Koma panyanga anali atakolekapo sikelo yake, ndipo anaopa kuti inyowa. Nguluwe anasambira kudutsa pafupi penipeni, thumba la makaka lili kukamwa. Anaiyang'ana nkhalambayo, napitirira.

Sakhwi anakuwa mpaka mawu kutha. Analumphira m'madzi, madzi anamulavulira pabango. Mchere unasungunuka, lichero linapezeka, mwini wake anapezeka patapita masiku, kutali, mumchenga weniweni.

Pamaliro Njati ndi Nguluwe anabwera onse awiri, onenepa, ouma bwino. Anakhala pamipando yakutsogolo. Anadya. Nguluwe anapempha ndiwo zoonjezera.

Sakhwi anayembekeza kuti amugwira. Ankafuna kuti amugwire. Anaimirira pakati pa anthu.

"Mizati ija inali ya papaya. M'matumba muja munali mankhusu. Ndinapanga ndine."

Mphuno sinagwedezeke ngakhale pang'ono.

Njati anayang'ana Nguluwe, Nguluwe anayang'ana m'mbale. Aliyense ankadziwa kuti mlandu wa mizati ukayamba, wina afunsa za sikelo ndi thumba la makaka.

"Chisoni chamusokoneza mwanayu," anatero Njati. "Madzi aja anali oopsa. Palibe akanachitapo kanthu."

"Palibe," anavomera Nguluwe, akutafuna. "Inali nthawi yawo madalawa. Khala pansi, mwanawe. Maliro akatha ubwere, udzatimangire ina."

Anamusisita pamutu, napita kukatsegula malonda awo.

Sakhwi sanabwererenso kumsika. Mukadzamuona kutchire, mudzapeza akulambula tinjira take, kuchotsa kachitsotso kalikonse, tinjira tosalala toti ngakhale nkhalamba yotsimphina ingathawirepo. Amatikonza tsiku ndi tsiku, mphuno ili pansi, osayang'ana munthu kumaso. Palibe amene amadutsamo.

Koma a Njati ndi a Nguluwe ali bwino. Chaka chino akulitsa mashopu.