Mawu Atatu a Njiri

Kalekale, nyama zikulankhula, lupsa linkasesa tchire chaka ndi chaka. Mukuti tilitonse? Chabwino.

Njiri, mkulu wodzimva uja, anati, "Chaka chino safa munthu. Ndakonza njira."

Anaimika Ng'azi pa mphambano. Ng'aziyo anali womvera, koma mutu gwa! Chimene wauzidwa ndi chomwecho.

"Tamvera," anatero Njiri. "Akabwera wa nyanga, umuloze kudambo. Wa mapiko, kuphiri. Wa mamba, kumtsinje. Usaonjezepo kako."

Gologolo anafunsa ali mumtengo, "Nanga akabwera wina wosakhala mwa atatuwa, achimwene?"

Njiri anaseka. "Winanso ndani? Iwe umangotokota!"

Basi ananyamuka kukalambula njira yakudambo, kusiya mkazi wake Nangondo ndi tiana kuuna.

Tsiku linafika. Utsi tolo! Moto uli lawilawi.

Anafika Mphoyo. Ng'azi anamuyang'ana kumutu. "Nyanga. Kudambo!" Mphoyo anapulumuka.

Anafika Nkhwali. "Mapiko. Kuphiri!" Nkhwali anapulumuka.

Anafika Nsato. "Mamba. Kumtsinje!" Nsato anapulumuka.

Kenaka anafika Nangondo, wefuwefu, tiana tili pambuyo.

"Bambo Ng'azi, tilowere kuti?"

Ng'azi anamuyang'ana. "Nyanga mulibe."

"Nanga izi zili pakamwazi?"

"Amenewo ndi mano, mayi. Mapiko mulibe. Mamba mulibe."

"Ndiye tipite kuti? Ana akutsamwa ndi utsi!"

"Za inu a Njiri sanandiuze. Dikirani abwere."

"Tangolozani njira iliyonse, chonde!"

"Anati ndisaonjezepo kanga."

Ha! Ng'azi ameneyu amandinyansa ine. Koma kodi analakwa ndi iye? Nangondo sankadziwa njira imene moto wadula kale. Mwamuna wake anali atamuuza kuti, "Ukamvere Ng'azi." Anadikira. Moto sunadikire.

Utayandikira, Ng'azi anakumbuka kuti iye mamba ali nawo. Uyo, chubwi mumtsinje!

Madzulo Njiri anabwera akuyenda monyada. Anapeza phulusa lokhalokha. Ng'azi anavuuka nati, "Zonse ndachita monga munanenera. Kungoti panabwera mayi wina ndi ana, opanda nyanga, opanda mapiko, opanda mamba. Mawu awo simunandisiyire."

Njiri anagwada pomwepo, nayamba kufukula phulusa ndi mphuno, akuitana, "Nangondo! Nangondo!"

Mpaka lero mukamuona Njiri akudya chogwada, musamuseke. Akufunafuna ana ake.

Kaphuleni mbatata ija isanapserere, nthano yanga yathera apa. Koma mumve: ukamagawa njira, uzisiyako mawu a iye amene sunamuganizire, chifukwa mwina ndi wako yemwe.