Lamba wa Che Jawadu

Chilape! Nachize.

Amatsogolera anthu koma sawaona. Akaphonya njira, omutsatirawo ndiwo amamuonera. Ndani ameneyo? Musathamangire kuyankha. Nayenso Che Jawadu sankalidziwa yankho lake tsiku limene anafika kwa Shehe Asedi Mbwana, chonsecho anali ataima kumbuyo kwa munthu wotereyu kuyambira ali mwana.

Linali Lachinayi masana, dzuwa la Okutobala likuwotcha malata a ku Ntaja mpaka kumalira okha. Jawadu anaimika njinga yamoto pansi pa mango a pa mzikiti n'kulowera kuseri kumene Shehe ankakhala. Anali kaputeni wa timu ya Nyenyezi, ndipo mpira ndiwo unali munda wake. Ankasewera pakati, malo amene mpira uliwonse umayamba wadutsa usanapite kutsogolo. Wogawa anali iye, woloza anali iye, wokalipa analinso iye yemwe. Anthu ankaseka kuti mbuzi zodya m'mphepete mwa bwalo zinaloweza dzina la wosewera aliyense chifukwa cha kufuula kwake.

Koma Lamulungu lapitalo Nyenyezi inagonja pakwawo ndi chigoli chimodzi, ndipo kochi ananena poyera kuti pofika Loweruka lamba wa pamkono wa ukaputeni akhoza kuperekedwa kwa Sumani, wotchinga kumbuyo, munthu amene sanamvekepo akukweza mawu. Lambayo anali m'thumba la Jawadu. Masiku anayi onsewo ankangoyenda naye, akumukhudzakhudza ngati dzino logwedera.

Anawapeza Shehe atakhala pamkeka, akusoka chikuto cha buku limene ana a madarasa analing'amba. Anali munthu wochepa thupi, wa ndevu zoyera zowerengeka, ndipo ulusi ankauluma ndi mano a m'mbali chifukwa akutsogolo anatha kale.

"Assalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikum salaam, Che Jawadu. Fikani pamthunzi pano. Kuyenda ndi dzuwa lonseli, nkhani yake iyenera kuti ndi yolemera."

"Ndabwera ndi funso, a Shehe, ngakhale yankho lake ndikulidziwa kale."

"Ndiye mwandipeputsira ntchito. Funsani, kenaka mundiuze yankholo, ndipindule nanenso."

Jawadu anakhala kunsonga kwa mkeka, mawondo ake akuluakulu ali m'mwamba.

"Woyenera kutsogolera anyamata pa bwalo ndi uti, wamoto kapena wozizira? Ine ndikuti wamoto. Mpira si maliro ayi. Timu ija ndinaipeza ikuwodzera ngati nkhuku zachitopa, ndinaidzutsa ndi pakamwa pangapa. Zaka zitatu ndavala lamba. Lero tagonja kamodzi, akuti apatse Sumani. Sumani ndi munthu wabwino, sindikukana. M'patseni makiyi a mzikiti, sadzataya ndi imodzi yomwe. Koma timu?"

"Ndamva," anatero Shehe, akukoka ulusi. "Nanga ine ndikuthandizeni chiyani?"

"Wapampando wa timu yathu, Che Mdoka, amaswali kumbuyo kwanu Lachisanu lililonse. Mukawanong'oneza mawu amodzi mawa, kochi asintha maganizo."

Shehe anaika singano pambali.

"Mpira umene ndimaudziwa ine ndi wachikulunga, Che Jawadu, ndipo pamenepo ankandiika pagolo chifukwa sindinkatha kuthamanga. Ndiye mundilezere mtima, mundiphunzitse. Chigoli cha Lamulungu chija chinalowa bwanji?"

Nkhope ya Jawadu inada.

"Mpira unali pa mwendo wanga pakati pa bwalo, ine maso kutsogolo, ndikufuna wom'patsira. Mnyamata wawo anandizembera kumbuyo, n'kundilanda, n'kuthawa nawo mpaka kuukonde. Wosewera wathu Amidu anali pomwepo, a Shehe, ngati apa ndi pamtsuko apo, akuona zonse. Mawu amodzi okha, 'Kumbuyo!' ine ndikadatembenuka. Mmene timachitira mu mpira ndi mmenemo, mnzako akamazemberedwa umafuula. Iye anangoti kukamwa yasa ngati nsomba ya pamsika. Ndinam'kalipira pamaso pa anthu onse mpaka misozi inalengeza. Ndiye kodi ndinalakwa?"

Shehe asanayankhe, mawu oitanira anthu ku swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, anamveka kuchokera pamwamba pa mzikiti, ndipo nkhunda zimene zinkaodzera padenga zinauluka n'kuzungulira kamodzi, n'kuteranso.

"Tiyeni tiyambe tayankha amene watiitanayu," anatero Shehe. "Funso lanu silithawa."

M'kati mwa mzikiti munali mozizira. Anthu anali mizere itatu, ogulitsa pamsika, akabaza, ndi madoda a m'mudzi. Jawadu anaima mumzere woyamba, molunjika msana wa Shehe. Kuwala kolowera pazenera kunagwera paphewa la mkanjo wa nkhalambayo, ndipo tifumbi tinkayandama m'kuwalako pang'onopang'ono ngati tilibe kopita. Jawadu ankawerama anzake akawerama, n'kudzuka anzake akadzuka, koma mtima wake wonse unali m'thumba muja.

Swala ya Asiri ili ndi zigawo zinayi, zimene amati maraka, ndipo likatha lachinayi anthu amakhala pansi n'kumaliza. Koma tsiku limenelo litatha lachinayi, Shehe ananena kuti "Allahu Akbar" n'kuimirira, ngati kwatsala lina. Jawadu, amene sankawerenga n'komwe, anayamba kudzuka nawo, bondo limodzi lili m'mwamba kale.

Pamenepo mawu osasa anamveka kuchokera kumzere womaliza.

"Subhanallah."

Umenewo ndiwo mwambo wake. Wotsogolera swala akaiwala, wa kumbuyo amatamanda Mulungu mokweza, ndipo wotsogolerayo amadziwa kuti waphonya. Amene anayankhulayo anali Che Wadi, wogulitsa makala, amene mkanjo wawo unakana kuyera ngakhale auchape bwanji. Nthawi yomweyo Shehe anabwerera n'kukhala pansi. Anagwetsa nkhope pansi kawiri monga amachitira woiwala, mzikiti wonse n'kutsatira, kenaka anamaliza.

Anthu akutuluka, Shehe anadutsa mizere yonse mpaka kukafika kwa Che Wadi, n'kuwagwira dzanja lamakala lija ndi manja awiri.

"Mulungu akulipireni zabwino, achimwene. Mwatibweza tonse."

"Aaa, a Shehe, n'zochitika," anatero Che Wadi, akufunafuna nkhwaira yawo ina pakhomo.

Atabwerera pamkeka paja, Jawadu sanathe kudikira.

"Ndakuonani, a Shehe. Mwachita dala kuti mundiphunzitse kanthu."

"Mulungu andikhululukire, swala si sewero. Ndinaiwaladi. Mtima wanga unali pa bwalo lanu lija, ukuthamangitsa mnyamata amene anakulandani mpira. Sindinam'peze, mwaona, miyendo ndi yomwe ija."

"Koma sizinakuwaweni? Inu ophunzira chotere, kukumbutsidwa pagulu ndi munthu wosatha kulemba dzina lake?"

"Zinandiwawa pang'ono, ndisakunamizeni. Nanenso ndine munthu. Koma taganizani mmene ndimaimira muja. Ndili kutsogolo, anthu onse ndawafulatira. Amene amatsogolera swala alibe maso kumsana, Che Jawadu. Maso ake ali m'kamwa mwa anthu ake."

Yankho la chilape chija ndi lomwelo, koma Jawadu anali asanalimvetse. Anangoyang'ana pansi, pamene nyerere zinkakokerana kanjere ka mpunga.

"Tandiuzani," anapitiriza Shehe. "Ndikadatembenuka lero n'kuwafunsa Che Wadi kuti mwaphunzira kuti inu, mawa n'kuiwalanso, akadatani?"

"Akadangokhala chete."

"Nanga ena amene anamva ndikuwakalipira?"

"Nawonso chimodzimodzi."

"Ndiye tonse tikadaswali maraka asanu, ine patsogolo, ndevu zangazi zili mbuu. Tsopano ndifunse za Amidu. Chiyambire kusewera nanu, sanakuchenjezenipo ndi kamodzi komwe?"

Jawadu anafuna kukana, koma anakumbukira masewero oyamba a chaka chimenecho, Amidu atangolowa kumene mu timu, nsapato zake zobwereka. Mpira unali kwa Jawadu, ndipo mnyamatayo anafuula ndi mphamvu zake zonse kuti, "Kumbuyo!" Jawadu anatembenuka, n'kupeza kuti womulondayo akadali patali, mpata wopatsira mpira n'kutsekeka. Zimene ananena tsiku limenelo anazimva ndi ogulitsa nzimbe omwe.

"Anandichenjezapo kamodzi," anatero chapansipansi.

"Munam'yankha chiyani?"

"Ndinati pa bwalo pano pakamwa ndi pamodzi. Ndinati adzandiphunzitse mpira akadzamera ndevu."

"Ndevuzo wamera?"

"Sanamere."

"Ndiye mnyamatayo ndi womvera kwambiri. Lamulungu anachita zimene kaputeni wake anamulamula. Nanga ena asanu ndi anayi aja, onse sanam'one wokuzemberaniyo?"

Jawadu anaona bwalo lonse m'maganizo mwake, goloboyi ali chiimire, Sumani ali chiimire, akumbali ali chiimire, onse maso ali pa iye, ndipo pa bwalo lalikulu lonselo palibe ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa.

Nthawi imeneyo ana a madarasa a masana anali atayamba kufika, akuvula nsapato pakhonde ndi kukankhana. Mwa iwo munali Nuru, mwana wamkazi wa Jawadu, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ataona bambo ake anadza mwakachetechete n'kukhala pambali pawo, osawakhudza, kabuku kake kali pamiyendo.

"Ndiye mukutanthauza kuti woyenera ndi wozizira," anatero Jawadu, mawu ake atalemera. "Lamba apite kwa Sumani."

"Sindinatero ayi. Kodi Sumani akafuna kuti anzake asunthe, amamumva?"

"Mpaka utayandikitsa khutu ngati mukugulitsana mbuzi."

Shehe anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyonso ali ndi ulendo wake. Ine nditati ndizinong'ona muja, mzere wakumbuyo sungadziwe nthawi yowerama. Ena angakhale atagwada, ena ali chiimire, ena akuyang'ana anzawo, mzikiti n'kusanduka msika. Motowo musauzime, Che Jawadu, anakupatsani ndi Mulungu, ndipo anyamata otopa amaufuna. Koma kwa Che Mdoka sindipita. Lamba wopemphedwa ndi shehe sangakutetezeni kumsana."

"Nanga ndichite chiyani, a Shehe? Loweruka ndi mkuja."

Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti afunse funso limene yankho lake sankalidziwa. Shehe anatola singano yawo n'kuiyang'ana padzuwa, akufuna kabowo kake.

"Mawu a wotsogolera akwere mpaka afike kumzere womaliza, koma asakwere mpaka kuutseka pakamwa mzerewo. Muyeso wake ndi umenewo, kaya munthuyo ndi wamoto kaya ndi wozizira. Mawa pokonzekera masewero, yambani mwapita kwa Amidu pamaso pa anzake onse, monga munam'kalipira pamaso pa onse, mukabweze mawu anu aja. Kenaka sewerani mmene mumasewerera. Mudzalakwitsa ndithu, palibe amene salakwitsa, ndipo mukalakwitsa tcherani khutu. Wina akafuula, pitani kwa kochi mukapemphe lambayo popanda manyazi, ndi wanu. Koma kukangoti zii, dziwani kuti anyamata anu anakuvulani kalekale, inu mwangotsala ndi kansalu m'thumba. Mukatero mukam'patse Sumani ndi manja awiri."

Jawadu anapisa m'thumba n'kutulutsa lamba uja. Anali wofumbuluka ndi thukuta la zaka zitatu, ulusi utayamba kusomoka m'mphepete. Anamuyala pabondo n'kumuwongola ndi chikhatho. Shehe anali atabwerera ku chikuto chawo. Pakhonde paja ana anayamba kuwerenga zilembo mokweza, onse pamodzi, wina akutsalira.

Nuru anayang'ana Shehe, n'kuyang'ana bambo ake. Kenaka anasendera pang'ono n'kufunsa ndi mawu aang'ono, ngati akuyesa madzi ndi chala.

"Ababa, nanga kunyumba mukalakwitsa, ine ndi amayi tizinena chiyani?"