Thanki ya ku Mishoni Yayamba Chikondi

Gershom wa ku Chongwe anali katswiri polemba mapulogalamu a kompyuta, koma matenda ake anali "mawa". Atapangira a Amon, akatekisiti a ku mishoni, pulogalamu yowatumizira uthenga thanki ya madzi ikadzaza, nambala ya foni yawo anangoisokerera m'kati mwa pulogalamumo, apa ndi apo, ngati zigamba.

Mlongo wake Mutinta, yemwenso ntchito yake ndi yomweyo, anamuchenjeza. "Iwe, manambala uziika mu kafayilo kapadera, kunja kwa pulogalamu. Ukafuna kuchinja, uchinja pamodzi chabe."

"Isebenza bwino. Nizakonza," anayankha Gershom osacheuka n'komwe.

Mtima wa mnyamatayu unali pa Immaculate, mwana wa akatekisiti omwewo. Makolo sankadziwa kanthu, chifukwa zotumiza amalume kukaonekera nazonso zinkadikira mawa lomwe lija. Poopa kuiwala moni wam'mawa pothamangira minibasi ya ku Lusaka, Gershom anakopera pulogalamu ya thanki ija kuti izimupatsira moni mtsikanayo. Anasintha mawu ndi nambala paliponse pomwe maso ake anaona. Koma pamzere wobwereza uthenga netiweki ikavuta, nambala ya akatekisiti inatsala ili phee.

Mvula itayamba, netiweki inayamba kuvuta.

Lamlungu misa itatha, a Amon anakodola Gershom. Mnyamatayo ataona Immaculate atazyolika kumbuyo kwawo, anazindikira kuti chinsinsi chaululika. Anadziwa kuti akhoza kutaya mkazi asanamufunsire n'komwe.

"Ba Gershom," anatero mkuluyo akutulutsa foni, "thanki yanu yanidabwisa. Kale inali kukamba ati madzi yazula. Manje m'mawa uliwonse ikamba ati, 'Wauka bwanji, Immaculate wanga? Sinigona poganiza iwe.' Thanki imene iyi ili na bamalume?"

"Ili nabo, atate," anatero Gershom.

"Babwere pa Chibelu. Ngati sibabwera, uthenga uyu nizaubelenga pa zilengezo mu chalichi."

Amayi a kwaya, omwe ankanamizira kupinda nsalu za paguwa, anaphulika nako kuseka mpaka nthungululu.

Amalume anapitadi Loweruka, tsiku la Chibelu lija, ndipo a Amon anawalandira bwino. Madzulo ake Mutinta anapeza mlongo wake akusamutsira manambala onse m'kafayilo kapadera, thukuta lili kamukamu. Sanamunyoze kwambiri. Anangomukumbutsa kuti si onse amapulumuka chotero, pakuti pakadafunda padajiwitsa galu.