Botolo la Ufa Wachitsulo

Panali munthu wina amene ankagwira ntchito kudziko lamchenga, kumene amapopa mafuta pansi pa nthaka. Mafuta a kumeneko amatuluka akuda, olemera, ndipo m'kati mwake mumakhala timadontho ta madzi tating'ono kwambiri, toti ngakhale mutasiya thanki mwezi wathunthu sititsika pansi. Madzi otere amadyetsa mapaipi ndi dzimbiri, choncho wogula akawapeza amakana mafuta onse.

Munthuyu mabwana ake anamuikiza thanki imodzi kuti achotsemo madziwo. Sitima yodzatenga mafuta inali m'njira, ndipo anamuuza kuti thankiyo ikakanidwa, iye ndi gulu lake apakire katundu.

Anamupatsa zinthu ziwiri: maginito amphamvu, ndi botolo la ufa wachitsulo wosalala kuposa phulusa, wopangidwa kuti uzimatirira ku madzi. Ufawo unali wosowa, botolo linali lomwelo. Anayang'ana ufa, anayang'ana mafuta ali bii, mtima unakana. Anatsekera botolo m'kabati, n'kugunditsa maginito kunja kwa thanki.

Maginito anakoka makiyi a m'thumba mwake. Anakoka sipanala ya mnzake. Madzi sanasunthe.

Mlamu wake, amene ankagwira naye ntchito, podutsa anati, "Alamu, mukuifunsira thankiyo kodi? Chiyambire m'mawa muli chiimire pambali pake."

"Ufa uja ndikauthira m'matope amenewa, ndidzauonanso?"

"Nanga m'kabatimo ukugwira ntchito yanji? Madzi samva maginito, alamu. Chimene chimamva n'chitsulo."

Munthu uja anakatenga botolo, anakhuthulira ufa wonse m'thanki, n'kuvundula mpaka unasowa. Ufawo unamwazikana, n'kukamatirira pa dontho lililonse la madzi. Ataika maginito kunsi kwa thanki, chitsulo chinatsika, madzi n'kutsika nacho limodzi. Anatsegula mpopi wapansi. Madzi anatuluka, ufa uli momwemo, wonyowa, wonunkha. Pamwamba panatsala mafuta oti wogula sakanawakana.

Inu muli ndi m'bale amene wasakanikirana ndi zoipa mpaka simukumuzindikira. Mumamudzudzula pafoni muli kutali. Mawu anu ndi amphamvu, ndiponso ndi oona, koma iye sasuntha, chifukwa mwa iye mulibe chanu choti mawuwo agwire. Pitani mukakhale m'nyumba mwake, mukadye zimene akudya, fungo la kwake likulowereni m'zovala. Mukatero, muitaneni.