Udzudzu Wakwera ku Tsangano

Pakhomo pa a Paison ku Tsangano wailesi inkatsekulidwa m'mawa pamodzi ndi khola la nkhuku, koma mwini wake ankaimvera kuti apeze choseka. Munali mu Febuluwale wa 2020, ndipo pabwalo panali mulu wa kachewere wongokumba kumene. Wailesi ikanena za moto wopsereza nkhalango ku Australia, kapena za anthu a ku Beira amene anali asanamangebe nyumba chiwagwetsere namondwe Idai, mkuluyo ankangoseka uku akusankha mbatata.

"Akuti dziko likutentha," ankatero. "Kutenthako kubwere kuno, tivuleko majekete. Zimenezo ndi za eni ake."

Anali mlimi wakhama, tisawanamizire, koma akanena anena. Tsiku limenelo lole ya ogula inali kudikira pamsewu, ndipo matumba anali atadzaza mpaka kusefukira, chosokera pakamwa palibe. A Paison analowa m'nyumba ndi mpeni n'kudula neti imene azaumoyo anapereka, yomwe ankagonamo Sellina, mwana wawo wachitsiriza wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Mkazi wawo, Aida, anaima pakhomo. "Bambo a Sellina, netiyo ndi ya mwana. Chaka chino udzudzu ukulira m'nyumba muno."

"Udzudzu ku Tsangano? Ine ndinabadwira pano, imvi zandimerera pano. Kachilombo kameneko kakangoyamba chitunda kamafa ndi chisanu. Malungo ndi a ku Bwanje, kuchigwa."

"Wazaumoyo uja anati kuzizira kwa kale kukutha."

"Iyeyo ngwobwera. Mundipatse chingwe."

Chisanu chimene ankachidaliracho chinali chitayamba kale kujomba. Udzu sunkayeranso mbuu m'mamawa wa Juni monga kale, ndipo m'zithaphwi za kudimba munkasambira timphutsi timene makolo awo sankatiwona. Koma a Paison anali kuyang'ana matumba. Neti inadulidwa zidutswazidutswa, mbatata inakwera lole ili yovala bwino, mwana n'kutsala pamtetete.

Mwezi usanathe, Sellina anayamba kutentha thupi. Bambo ake anati ndi chimfine cha mvula, nagula panado pa okala. Mwana atayamba kusanza, anati wadya mapichesi osapsa. Aida anapempha kuti apite naye kuchipatala, koma anauzidwa kuti ayambe amaliza kukumba. Masana ena, dzuwa lili paliwombo, Sellina anagwa pabwalo n'kuyamba kuphupha, maso atatembenuka. Khasu linagwa lokha m'manja mwa a Paison.

Anathamanga naye pa njinga yamoto. Kuchipatala, namwino anamubaya chala, nayang'ana kachipangizo koyezera.

"Ndi malungo aakulu, bambo. Afika kumutu. Munali kuti masiku onsewa?"

"Malungo?" A Paison anagwira khoma. "Mwanayu sanatsikeko kuchigwa chibadwire."

"Sanafunike kutsika. Udzudzu ndiwo wakwera. Tasuzumirani m'chipindamo."

Anasuzumira. Pamabedi panagona ana, ena awiriawiri, ndipo amayi amene anakhala pansi sanali alendo. Uyu wa kutsidya kwa mtsinje, uyo amaimba naye kwaya, winayo anamugulitsa mbewu chaka chatha. Onse anali a kumtunda konkuno, kwa anthu a majekete.

Sellina sanafe. Anatsitsimuka, ndipo patapita masiku anatuluka ali wowonda, akuyenda mogwira chitenje cha mayi ake. Atafika kunyumba anakhala pakhonde n'kumayang'ana nkhuku. Bambo ake anabwera cha kumbuyo ndi sikono m'manja, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba.

"Sellina, mayi wanga, taona ndakugulira chiyani."

Mwana sanacheuke. Bambo ake anaitananso mokweza, nawomba m'manja mpaka nkhuku zinabalalika. Sellina anangodabwa kuti nkhukuzo zathawa chiyani.

"Musavutike," anatero Aida, osawayang'ana. "Adokotala anandiuza dzulo. Makutu atseka, ndipo sakudziwa ngati adzatsekuka."

A Paison anakhala pansi pafumbi pomwepo. Akuluakulu sananame: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.