Wotcha Dzina Mdzukulu wa a Malunga

Pamene lero pali sitolo ya mafoni ku Chinamwali, kalekale panali khonde la telala, a Malunga. Akazi awo atamwalira, a Malunga anasiya kudya ndi kuyankhula. Diresi lomwe ankawasokera linatsala pamakina, singano ili chilowere.

Masiku amenewo Profesa Ndaziona Matewere, katswiri wa za maganizo a munthu, anali atakalambira pa funso limodzi: kodi chipembedzo chimachiza mtima wosweka? Atamva za telalayo, anapita kukaona.

Anapeza amayi a Mvano akubwera Lachinayi lililonse. Mtsogoleri wawo, Nachisale, ankaimbitsa nyimbo mpaka phala litatha m'mbale. "Tate, simudya, sitichoka," ankatero. A Malunga anayamba kudya, koma osayankhula.

Kenaka anafika a Jumbe, mchimwene wa malemuyo. Anawameta mlamu wawo, nawasudzula monga mwa mwambo. "Alamu, mlongo wanga wagona. Musamuitanenso." A Malunga anayamba kupeza tulo, koma makina osawakhudza.

Profesa ntchito yake inali kuonerera basi, osalowererapo. Koma tsiku lina pakamwa panamuyabwa. "Bambo, diresili akazi anu ankafuna kukavala kuti?" A Malunga anayankha, nayankhula mpaka dzuwa kupendeka. M'mawa mwake makina analira.

Chaka chitatha kunabadwa mdzukulu wamkazi, ndipo a Malunga anaitanira atatu aja pakhonde, nati:

"Amene anandibweza kuchokera kumanda ndiye atche mwanayu dzina."

"Wanjala akanametedwa ali mtembo," anatero Nachisale.

"Nyimbo zanuzo zinagoneka mzimu uti?" anafunsa a Jumbe.

A Malunga anatembenukira kwa Profesa. "Mayi, inu mwaphunzira zimenezi mpaka imvi. Weruzani."

Profesa anayang'ana pansi. Akatchula Nachisale kapena a Jumbe, mabuku ake onse, onena kuti pemphero ndi mwambo zimachiza, akhala oona, koma makina analira iye atafunsa. Akadzitchula yekha, ndiye kuti munthuyo sanachire ndi pemphero kapena mwambo, koma ndi mlendo amene anaiwala ntchito yake. Khanda linali kulira m'manja mwa amake, lopanda dzina.

Akuluakulu amene anali pakhondepo onse anatisiya, ndipo ine wokusimbiraninu maso ayamba kuchita khungu. Wina mwa inu ailembe nkhaniyi isanatayike. Koma asanagwire cholembera, tandiuzani: mwanayo amutche dzina ndani?