Mbewu ya M'thanki ya Mbusa

Kuseri kwa fakitale ya zakumwa za zipatso, kumene alendo safikako, kunali thanki yaitali yotseka pamwamba. Woisamala anali bambo wina amene aliyense ankangomuti Mbusa. Sanali wa kutchalitchi ayi. Dzinali analipata chifukwa choweta ziweto zosaoneka ndi maso.

Madzi onse oipa a m'fakitalemo, otsukira zipatso, mapaipi ndi pansi, ankathera m'thankimo. Pansi pake panali matope akuda a timibulu tonga njere za mpiru, ndipo m'timibulumo munkakhala tizilombo todana ndi mpweya wa panja. Tinkadya shuga wotsalira m'madzi n'kumatulutsa gasi woyaka. Gasiyo ankapita kukayatsa ng'anjo ya nthunzi, wotsala n'kumapsera pa kachitsulo katali ka lawi kumpanda. Madziwo ankatuluka atayera mokwanira kuti aloledwe m'ngalande ya mzinda. Mbusa anali atagwira ntchitoyi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo lawi lija linali lisanazimepo m'manja mwake.

Chimene chinkamudya mumtima chinali kutsidya kwa msewu. Kumeneko kunali fakitale ya mkaka, ndipo eni ake anali atangomanga thanki yawoyawo n'kuika mng'ono wake wa Mbusa kuti aiyang'anire. Mng'onoyo ntchito anaiphunzirira pamsana pa mkulu wake, kenako n'kupita kusukulu kukatenga pepala. Tsopano anali ndi chipewa choyera cha mabwana ndi ofesi ya zenera, pamene Mbusa anali ndi chipewa chachikasu chong'aluka ndi kachipinda konunkha. Mayi awo akamalankhula ndi anzawo ankati "mwana wanga injiniya uja," ndipo akafunsidwa za wamkulu ankati, "Uja wa kumadzi oipa? Aliko." Mawu amenewa Mbusa ankawasunga ngati minga m'thumba.

Mu Malichi mng'ono uja anawoloka msewu nthawi ya chakudya chamasana, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, thanki yatha kumangidwa, koma ndi khola lopanda ziweto. Mundigawireko mbewu."

Pempholi silinali lachilendo. Pa ntchito imeneyi thanki yatsopano imayambira pa matope amoyo a thanki yakale, monga mayi amapalira moto kwa mnzake. Tizilomboti timaswana pang'onopang'ono, koma thanki yathanzi imadzaza ndithu, ndipo kamodzi pachaka matope owonjezera amachotsedwa. Manijala wa Mbusa anali atanena kale kuti, "Ngati alipo otsala, atenge. Ife timangotaya."

Mbusa anapitiriza kutafuna buledi wake. "Ha, abwana a chipewa choyera kudzapempha matope kwa wonunkha? Kusukulu kuja sanakupatseni mbewu ya m'botolo?"

"Musatero, achimwene. Amene anandiphunzitsa kununkhiza thanki ndinu."

"Chaka chino ziweto zaonda, iwe. Palibe chotsala."

Linali bodza. M'mawa womwewo anali atatsegula timipopi toyesera ta m'mbali mwa thanki, ndipo matope anatuluka mpaka pa kampopi kapamwamba. Sabata isanathe anatsegula mpopi wapansi n'kukhuthulira matope owonjezerawo pa bwalo loyanikira. Dzuwa ndi mphepo zinachita ntchito yake. Timibulu tonyezimira tija tinauma n'kung'aluka ngati dothi la m'chilimwe, ndipo munalibenso chamoyo.

Mkazi wake anamva nkhaniyi kwa mwini wake yemwe, pamene ankaifotokoza akuseka uku akuvula nsapato pakhomo.

"Inu bambo, mwataya chimene mwana wa mayi anu anakupemphani?"

"Waphunzira kwambiri ameneyo. Aswe zakezake tione."

"Nanga akalephera, inu chipewa chanu chiyera?"

"Mayi, za mathanki simuzidziwa."

"Za mathanki sindizidziwa, koma za nsanje ndazidziwira m'nyumba muno," anatero mayiyo n'kutenga nsapato zija kukaziika panja.

Mng'ono uja anayambitsa thanki yake ndi ndowe za ng'ombe m'malo mwa mbewu, monga amachitira amene alibe kolowera. Njira imeneyi imagwira, koma imafuna miyezi yambiri, ndipo madzi a mkaka ndi ankhanza kwa tizilombo tochepa. Mafuta ake ankayandama n'kuphimba chilichonse, thanki n'kumasasa ngati mkaka wogona. Epulo anadutsa, Meyi, Juni, kachitsulo ka lawi ka kutsidya kali chiimire kosayaka. Mbusa akaweruka ankayenda pang'onopang'ono pageti kuti akaone bwino, ndipo mtima wake unkazizira ngati wamwa madzi a mumtsuko. Mu Ogasiti eni fakitale ya mkaka anatopa. Anapangana ndi a magalimoto kuti azitenga madzi oipa kukataya kwina, ndipo mng'onoyo anamusamutsira kosungira katundu. Atakumana kwa mayi awo Lamlungu lotsatira, Mbusa anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Pepa, mng'ono wanga. Ntchito iyi si ya aliyense."

Tsoka silinunkha. Mu Okutobala dziwe lofikira madzi asanalowe m'thanki linali likukonzedwa, choncho madzi ankangodutsa molunjika. Loweruka lina wantchito wa kotsukira mabotolo anaiwala kutseka mpopi wa soda wamphamvu, ndipo sodayo anatsikira m'ngalande mpaka m'thanki. Lolemba m'mawa Mbusa asanalowe n'komwe pageti anaona kuti kumpanda kulibe lawi. Singano yoyezera gasi inali itagona. Atatsegula kampopi, panatuluka phala lotuwa loterera m'malo mwa timibulu takuda. Anasungunula ndi madzi oyera, anachepetsa chakudya cha tizilombo, anadikira sabata, kenako ina. Khola linali litafa lonse.

Ng'anjo inabwerera ku mafuta ogula. Oyang'anira ngalande ya mzinda anabwera, anatunga madzi m'botolo, ndipo anachenjeza kuti atseka potulukira. Manijala anaitanitsa Mbusa.

"Vuto si lanu, Mbusa, tikudziwa. Koma tikufuna mbewu mwezi uno usanathe. Thanki yamoyo yapafupi ndi ya kampani ya kutali, ndipo iwo sagulitsa matope okha. Amabwera ndi anthu awo kudzayendetsa thanki. Akabwera, malo anu apita." Kenako anafunsa, "Kodi mng'ono wanu uja sanasungeko kalikonse?"

Mbusa anatuluka n'kulunjika pageti. Kwa zaka zonsezo anali asanawolokepo msewu uja. Tsiku limenelo anauwoloka, chipewa chachikasu chili m'manja. Anapeza mng'ono wake atavala ovolosi, akusanja makatoni a mkaka.

"Mng'ono wanga, ziweto zandifera. Ngati m'thanki mwako munatsala ngakhale pang'ono, kaya tofooka, ndithandize."

"Tiyeni mukaone nokha, achimwene."

Anakwera makwerero achitsulo mpaka pamwamba. Mng'onoyo anatsegula chitseko chozungulira, Mbusa n'kusuzumira. Thanki inali itatsukidwa n'kudzazidwa madzi oyera osungira moto ukabuka. Anaona mpaka pansi, ndipo pamwamba pa madziwo anaona nkhope yake.

Atadzutsa mutu, mng'ono wake anali akuloza kutsidya. Kuchokera pamenepo fakitale ya zipatso inkaoneka yonse: thanki yakufa, kachitsulo kopanda lawi, ndi bwalo loyanikira matope lili poyera ngati chikhatho.

"Mu Malichi ndinali pompano ndikukonza chitseko ichi," anatero mng'onoyo mosakweza mawu. "Ndinakuonani mukukhuthula. Ndinaganiza kuti mwina mukukonzera ine, mpaka ndinauza woyendetsa galimoto kuti akonzeke."

Mng'onoyo anatseka chitseko chija n'kupitiriza.

"Sindikukunenani, achimwene. Ndikungowerengera monga munandiphunzitsira. Matope aja akanalowa muno, pofika lero bwenzi ataswana. Bwenzi galimoto ikuwoloka msewu masana ano, lawi lanu n'kuyaka mwezi usanathe. Munataya nkhokwe yanu yomwe."

Anatsika makwerero aja, mng'ono patsogolo, mkulu pambuyo.

Mu Novembala a kampani ya kutali anafika ndi magalimoto awo a matope, pamodzi ndi mnyamata wa chipewa choyera woti aziyendetsa thanki. Mbusa sanachotsedwe ntchito. Anapatsidwa fosholo ndi wilibala kuti azichotsa makoko a zipatso pa sefa ndi kusesa bwalo loyanikira. Dzina lija linamukakamira ngakhale analibenso choweta. Lawi litayakanso kumpanda, iye analiona ali chiweramire pa bwalo lomwelo pamene anayanika mbewu ya mng'ono wake.

Anthu a m'fakitale ankati chinamugwetsa ndi soda. Mkazi wake, amene za mathanki sankazidziwa, ankati soda anangopha za m'khola limodzi, koma khola lachiwiri Mbusa anali atalitseka yekha mu Malichi. Akuluakulu sananame pamene anati kupatsa n'kuika.